Momwe mungasosolere nambala yaikulu mpaka kudziwa mtundu wake

Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 2, ndipo masamu amawakonda bola nambala zikhale zazing'ono. Tsiku lina madzulo tili pakhonde, ndinamulembera 659,608 kuseri kwa kope lake n'kumuuza kuti andiuze chilichonse chimene angadziwe za nambala imeneyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, pensulo ili kukamwa. Kenako anati, "Amalume, imeneyi ndiyambire pati? Ndi yaikulu basi."

Nambalayo sindinangoitola panjira. Ndi chiwerengero cha anthu a m'boma lathu lino la Ntcheu pa kalembera wa 2018, amene anachititsa a National Statistical Office. Anansi athu a ku Dedza anapezeka 830,512, ndipo dziko lonse la Malawi linali ndi anthu 17,563,749. Nambala zitatu zonsezi tizigwiritsa ntchito, koma nkhuku yoti tiisosole mpaka kufupa ndi ya Ntcheuyi.

Chimene ndinamuuza mnyamatayo ndi chimene ndikuuzeni inunso. Nambala iliyonse yoposa 1 ili ngati khoma, ndipo njerwa zake ndi nambala zimene kusukulu timati ma prime, zija zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi, monga 2, 3, 5, 7, 11. Khoma lililonse lili ndi njerwa zakezake, ndipo palibe nambala ziwiri zosiyana zomangidwa ndi njerwa zofanana ndendende. Ntchito yathu yaikulu ndi kupeza njerwazo. Mafunso ena onse, oti nambalayi ili ndi zoigawa zingati, ndi ya mtundu wanji, amayankhika mosavuta njerwa zikapezeka.

Tengani kope, pensulo ndi kalikuleta ya pafoni. Foniyo muiike pambali kaye, sitiifuna mpaka sitepe yachisanu ndi chimodzi.

Sitepe yoyamba: ilembeni bwino

Ikani koma pa madijiti atatu alionse kuyambira kumanja. 659608 ikhale 659,608. Ili ndi madijiti asanu ndi imodzi, ndiye kuti ili pakati pa 100,000 ndi 999,999. Mukafuna kuitchula m'Chichewa chenicheni muti zikwi mazana asanu ndi limodzi ndi makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zinayi, kudza mazana asanu ndi limodzi ndi mphambu zisanu ndi zitatu. Mpweya umatha musanafike kumapeto, n'chifukwa chake ngakhale agogo a pamsika wa Lizulu nambala zotere amazitchula m'Chingerezi. Makomawo musawaone ngati zokongoletsa, tiwafuna posachedwa.

Sitepe yachiwiri: yang'anani kumchira

Mchira wa nambala umaulula zambiri kuposa mutu wake. Dijiti yomaliza ndi 8, choncho nambalayi imagawika ndi 2. Sithera ndi 0 kapena 5, ndiye 5 ndi 10 sizilowa. Madijiti awiri omaliza ndi 08, ndipo 8 imagawika ndi 4, ndiye kuti nambala yonse imagawika ndi 4. Atatu omaliza ndi 608. Gawani ndi 8 mupeza 76 popanda chotsala, ndiye 8 nayo ikulowa.

Mnyamata uja anandifunsa chifukwa chake tikunyalanyaza 659 yense wakutsogoloyo. Funso labwino. 1,000 ndi 8 kuchulukitsa ndi 125, choncho zikwi zilizonse, kaya zikhale 659 kaya 3, zimagawika kale ndi 8. Chimene chingasokoneze ndi chotsalira pa zikwizo basi. Chimodzimodzi ndi 4, chifukwa 100 ndi 4 kuchulukitsa ndi 25. Mukafuna kuyesa 16 tengani madijiti anayi omaliza: 9,608 kugawa ndi 16 ndi 600, kutsala 8. Apa 16 yakana.

Mchira womwewu ukutiuza zina ziwiri. Nambala yogawika ndi 2 imene ili yoposa 2 singakhale prime, ndiye yathuyi ndi ya gulu lija amati composite. Komanso nambala ikadzichulukitsa yokha, yankho lake, limene timalitcha sikweya, limathera ndi 0, 1, 4, 5, 6 kapena 9, silithera ndi 2, 3, 7 kapena 8. Yesani kuyambira 1 kuchulukitsa ndi 1 mpaka 10 kuchulukitsa ndi 10 muone. Ndiye 659,608 si sikweya. Zonsezi tazidziwa tisanagawe nambala yonseyo ngakhale kamodzi.

Sitepe yachitatu: phatikizani madijiti

6 + 5 + 9 + 6 + 0 + 8 = 34. Phatikizaninso, 3 + 4 = 7. Nambala 7 imeneyi ndi imene imatsala mukagawa 659,608 ndi 9. Mukagawa 7 yomweyo ndi 3 itsala 1, ndipo ndi chimene chimatsalanso pogawa nambala yonse ndi 3. Choncho 3 salowa, 9 salowa, ndipo popeza 3 wakana, 6, 12, 15, 18 ndi abale awo onse agwera limodzi.

Chinsinsi chake n'chakuti 10 ndi 9 kuphatikiza 1, 100 ndi 99 kuphatikiza 1, 1,000 ndi 999 kuphatikiza 1. Ma 9 onsewo amagawika bwinobwino, ndiye dijiti iliyonse imangosiya iyo yokha monga chotsala. Lembani 7 ameneyu pakona ya tsamba, atithandiza kugwira wakuba kutsogoloku.

Nambala ya dziko lonse ija, 17,563,749, madijiti ake amakwana 42. 42 imagawika ndi 3 koma osati ndi 9, ndipo nambala yonseyo ndi chimodzimodzi.

Sitepe yachinayi: mbalame zitatu ndi 1,001

Iyi ndi imene ndimaikonda kwambiri, ndipo ana ambiri amamaliza Fomu 4 asanaimveko. 7 kuchulukitsa ndi 11 kuchulukitsa ndi 13 ndi 1,001. Popeza 1,000 imangoperewera 1 kuti ikwane 1,001, mutha kuyesa ma prime atatu onsewa nthawi imodzi pochotsera gulu lina la madijiti ku linzake, pamene munaika koma paja. 659 kuchotsa 608 ndi 51. Tsopano funsani: kodi 51 imagawika ndi 7? Ayi. Ndi 11? Ayi. Ndi 13? Ayi. Ndiye nambala yaikuluyonso sigawika ndi zitatuzi.

Pano pali dzenje limene mnyamata wanga anagweramo nthawi yomweyo. Ataona kuti 51 ndi 3 kuchulukitsa ndi 17, anakuwa kuti tapeza 17. Sitinapeze kanthu. Njira iyi imanena za 7, 11 ndi 13 zokha, chifukwa ndi zokhazo zili m'kati mwa 1,001. Za 17 ilibe mawu.

Nambala ikakhala ndi magulu atatu, mumasinthanitsa kuchotsa ndi kuphatikiza kuyambira kumanja. Pa 17,563,749 tichita 749 kuchotsa 563 kuphatikiza 17, yankho 203. Iyi ndi 7 kuchulukitsa ndi 29, ndiye kuti chiwerengero cha dziko lonse chimagawika ndi 7. Koma 29 musamukhulupirire, ndi dzenje lomwe lija.

Sitepe yachisanu: chotsani zimene mwapeza kale

Tadziwa kuti 8 akulowa ndipo 16 sakulowa, ndiye muli ma 2 atatu. Achotseni mmodzimmodzi: theka la 659,608 ndi 329,804, theka lake ndi 164,902, theka lakenso ndi 82,451. Kuyambira pano nambala yaikulu ija iiwaleni, ntchito yonse ili pa 82,451. Ambiri amalakwitsa apa, amapitiriza kulimbana ndi nambala yoyamba ija pomwe katundu wapepuka kale.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: yesani ma prime motsatana, ndipo dziwani polekera

Apa ndiye pali thukuta, ndipo palibe njira yachidule yoposa kukhala pansi n'kugawa. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimachepetsa ntchitoyi kwambiri.

Choyamba, muziyesa ma prime okha. Palibe chifukwa choyesera 21, chifukwa ikanakhala kuti ikulowa, 3 ndi 7 akanalowa kale. 15, 25, 33, 35 ndi zina zotere ndi kutaya nthawi. Ngati mulibe mndandanda wa ma prime, upangeni nokha kamodzi n'kuusunga kuchikuto cha kope. Lembani nambala kuyambira 2 mpaka 300. Siyani 2, fufutani nambala zonse zogawika ndi 2. Siyani 3, fufutani zonse zogawika ndi 3. Pitani pa yotsatira imene sinafufutidwe, 5, muchite chimodzimodzi, kenako 7, 11, 13 ndi 17. Zimene zatsala ndi ma prime. Njira imeneyi imatchedwa sefa ya Eratosthenes, munthu wa ku Cyrene, m'dziko limene lero ndi Libya, amene ankayang'anira nyumba yaikulu ya mabuku ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Dzina lakuti sefa likuyenera ndithu, kungoti sefa imeneyi chimene timafuna ndi chotsala pamwamba, osati ufa wogwa pansi.

Chachiwiri, dziwani malire. Nambala zogawa inzake zimayenda ziwiriziwiri ngati ng'ombe za pangolo: 12 ndi 2 kuchulukitsa ndi 6, kapena 3 kuchulukitsa ndi 4. Pa goli lililonse imodzi imakhala yaing'ono, ina yaikulu, ndipo yaing'onoyo singapose nambala imene ikadzichulukitsa yokha imafika pa nambala yathuyo. 287 kuchulukitsa ndi 287 ndi 82,369, pomwe 288 kuchulukitsa ndi 288 ndi 82,944, yadutsa. Choncho ngati 82,451 ili ndi choigawa, chimodzi chiyenera kupezeka tisanadutse 287. Prime womaliza pamenepo ndi 283, ndipo ma prime onse mpaka pamenepo alipo 61. Kuyesa nambala 61 ndi ntchito, inde, koma si kuyesa nambala 82,451.

Tsopano tengani foni ija. 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13 tathana nazo kale, chifukwa chimene sichinagawe nambala yaikulu sichingagawe chidutswa chake, ndipo ma 2 tawamaliza. Tiyambire pa 17. Foni ikuonetsa 4,850.05 ndi tina totsatira. Mnyamata uja anati yatsala pang'ono, tingoilola. Ndinamuuza kuti, "Iwe, minibasi ikakusiya ndi sekondi imodzi kapena ndi ola lathunthu, uli pansi chimodzimodzi." 17 kuchulukitsa ndi 4,850 ndi 82,450, yatsala 1, ndiye yakana. Pa kalikuleta, chilichonse chooneka kuseri kwa kadontho chikutanthauza kuti pali chotsala.

19 imasiya 10. 23 imasiya 19. 29 imasiya 4. 31 imasiya 22. 37 imasiya 15. Apa m'pamene anthu amayamba kutopa n'kulengeza kuti nambalayo ndi prime. Musatero, malire ndi 283, ndipo tili kutali. Yotsatira ndi 41, ndipo foni ikuonetsa 2,011 yoyera, yopanda kadontho.

Mnyamatayo analumpha, nati chimenecho ndi chaka chimene anabadwa. Zangochitika, masamu sadziwa za kubadwa kwa munthu, koma 2,011 sanaiiwalenso.

Mukapeza prime wolowa, chitani zinthu ziwiri musanapitirire. Muyeseninso yemweyo pa yankho latsopanolo, chifukwa njerwa imodzi imatha kupezeka kawiri kapena katatu monga anachitira 2 uja. 41 kuchulukitsa ndi 49 ndi 2,009, yatsala 2, ndiye 41 alimo kamodzi kokha. Kenako pezani malire atsopano. 44 kuchulukitsa ndi 44 ndi 1,936, ndipo 45 kuchulukitsa ndi 45 ndi 2,025. Malire atsika kuchoka pa 287 kufika pa 44. Ma prime onse a pansi pa 41 anakana kale, ndiye watsala 43 yekha. 43 kuchulukitsa ndi 46 ndi 1,978, kutsala 33. Wakana. Ndiye 2,011 ndi prime, ndipo kusosola kwatha.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri: lembani njerwazo, muzitsimikize

659,608 = 2 × 2 × 2 × 41 × 2,011

Bwererani kwa 7 uja munalemba pakona. Ma 2 atatu ndi 8. Madijiti a 41 amakwana 5, a 2,011 amakwana 4. 8 kuchulukitsa ndi 5 ndi 40, madijiti ake amakwana 4. 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16, madijiti ake amakwana 7. Zagwirizana. Zikanasiyana tikanadziwa kuti penapake talakwitsa. Dziwani kuti kuyesa kumeneku sikugwira wakuba aliyense: mukalemba 2,101 m'malo mwa 2,011 madijiti amakwanabe 4. Ndiye chulukitsaninso zonse kamodzi. 8 kuchulukitsa ndi 41 ndi 328, ndipo 328 kuchulukitsa ndi 2,011 ndi 656,000 kuphatikiza 3,608, yomwe ndi 659,608.

Sitepe yachisanu ndi chitatu: werengani ma factor

Ma factor ndi nambala zonse zimene zimagawa nambala yathu popanda chotsala. Simufunika kuzisaka imodziimodzi. Onani kuti prime aliyense wapezeka kangati, onjezerani 1, kenako chulukitsani. 2 alimo katatu, ndiye 4. 41 alimo kamodzi, ndiye 2. 2,011 kamodzi, ndiye 2. 4 × 2 × 2 = 16. Timaonjezera 1 chifukwa popanga factor mutha kutenga ma 2 atatu, awiri, mmodzi, kapena osatenga n'komwe, njira zinayi.

Kuti muwalembe onse, yambani ndi ochokera kwa 2 okha: 1, 2, 4, 8. Achulukitseni ndi 41: 41, 82, 164, 328. Achulukitseni ndi 2,011: 2,011, 4,022, 8,044, 16,088. Pomaliza achulukitseni ndi 41 ndi 2,011 pamodzi, yomwe ndi 82,451 ija: 82,451, 164,902, 329,804, 659,608. Akwana 16.

Amayi a banki m'khonde izi amazidziwa ndi manja ngakhale sazitchula choncho. Tiyerekeze kuti pakutha pa chaka m'bokosi muli K659,608 yoti agawane mofanana. Akakhala 8 aliyense atenga K82,451, bokosi n'kutsala lopanda kanthu. Akakhala 41 aliyense K16,088. Koma akakhala 20, monga magulu ambiri amakhalira, aliyense atenga K32,980 ndipo patsala K8 yosowa mwini. Pakati pa 8 ndi 41 palibe chiwerengero cha anthu chimene chingagawane ndalamazi popanda zotsala.

Sitepe yachisanu ndi chinayi: yoperewera, yokwana kapena yosefukira

Akatswiri akale a ku Greece ankaika nambala m'magulu atatu poona zimene zimachitika mukaphatikiza ma factor ake onse kupatula nambalayo mwini. Nicomachus wa ku Gerasa analemba za magulu amenewa cha m'ma 100 Yesu atabadwa. Ganizani za ndowa ya mbatatesi pa Tsangano: ina imaperewera, ina imalekeza m'milomo ndendende, ina amaiunjika mpaka kusefukira. 8 ndi yoperewera, chifukwa 1 + 2 + 4 ndi 7. 6 ndi yokwana ndendende, 1 + 2 + 3 ndi 6. 12 ndi yosefukira, 1 + 2 + 3 + 4 + 6 ndi 16. M'mabuku a masamu muzipeza ndi mayina oti deficient, perfect ndi abundant.

Mutha kuphatikiza ma factor 16 aja ndi manja, koma pali njira yofulumira imene imagwira ngakhale ma factor atakhala mazana. Pa prime aliyense phatikizani ma factor ochokera kwa iye yekha, kenako chulukitsani mayankhowo. Kwa 2: 1 + 2 + 4 + 8 = 15. Kwa 41: 1 + 41 = 42. Kwa 2,011: 1 + 2,011 = 2,012. Tsopano 15 × 42 × 2,012 = 1,267,560. M'menemo muli nambala yathu yomwe, ndiye ichotseni: 1,267,560 kuchotsa 659,608 ndi 607,952. Yaperewera ndi 51,656. Ndowa ya Ntcheu sinadzaze.

Zokwana ndendende ndi zosowa zedi. Zoyamba ndi 6, 28, 496 ndi 8,128, ndipo yachisanu ndi 33,550,336, pafupifupi kuwirikiza kawiri anthu a m'Malawi pa kalembera uja. Choncho nambala iliyonse ya madijiti asanu, asanu ndi imodzi kapena asanu ndi awiri imene mungapatsidwe, dziwiranitu kuti si yokwana ndendende. Euclid anasonyeza kapangidwe ka nambala zoterezi zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, ndipo Leonhard Euler, m'zaka za m'ma 1700, anatsimikiza kuti zonse zogawika ndi 2 zimatsata kapangidwe komweko. Yosagawika ndi 2 palibe amene anaipezapo.

Sitepe yakhumi: maonekedwe ake

Tanena kale kuti si sikweya. Mukafuna kudziwa kuti yaphonya motani, 812 kuchulukitsa ndi 812 ndi 659,344. Anthu onse a mu Ntcheu ataima m'mizere 812 ya anthu 812, anthu 264 angatsale panja. Ma factor nawonso amachitira umboni: sikweya yokha ndi imene imakhala ndi chiwerengero cha ma factor chosagawika ndi 2, chifukwa ng'ombe imodzi imakhala pagoli ndi iyo yomwe. Yathuyi ili ndi 16.

Pali mtundu wina wa nambala zimene mungaziyale ngati ngodya zitatu, mzere woyamba chimodzi, wachiwiri ziwiri, wachitatu zitatu: 1, 3, 6, 10, 15 ndi kupitirira. Kuti muyese, chulukitsani nambala yanu ndi 8, onjezerani 1, muone ngati yankho ndi sikweya. 659,608 × 8 + 1 = 5,276,865. Sikweya yothera ndi 5 imayenera kuthera ndi 25, iyi yathera ndi 65, ndiye ayi. Yoyandikira ndi 659,526, ya mizere 1,148, ndipo pangatsale 82.

Amene akuphunzira za kompyuta angafune kuiona m'kalembedwe ka 0 ndi 1. Chotsani nambala yaikulu kwambiri ya m'ndandanda wa 1, 2, 4, 8, 16 ndi kupitirira imene ingakwane, n'kumatero mpaka zitatha: 524,288, kenako 131,072, kenako 4,096, 128, 16 ndi 8. Polemba imakhala 10100001000010011000. Onani ma 0 atatu kumchirako. Ndi ma 2 atatu aja tinachotsa pa sitepe yachisanu.

Tsopano ya ku Dedza

Mawa lake mnyamatayo anafuna kuyesa yekha 830,512, poganiza kuti popeza ndi yaikulu kuposa ya kwathu, ikhala ndi zambiri m'kati. Poyamba zinayenda bwino. Mchira 512 umagawika ndi 8, ndipo 0512 umagawika ndi 16. Madijiti amakwana 19, ndiye 3 salowa. 830 kuchotsa 512 ndi 318, imene 7, 11 ndi 13 onse amaikana. Atachotsa ma 2 anayi anatsala ndi 51,907. Malire ndi 227, chifukwa 228 kuchulukitsa ndi 228 ndi 51,984, ndipo ma prime mpaka pamenepo alipo 49.

Anayamba kugawa. 41, amene anatipulumutsa dzulo lake, anasiya 1. Anadutsa 97, anadutsa 151, nsima inazizira pambale. 211 anasiyanso 1. Atafika pa 227 n'kuona kuti nayonso yakana, anaponya pensulo nati wataya madzulo onse pachabe. Ndinamuuza kuti sanataye kanthu, watsimikiza ndi manja ake kuti 51,907 ndi prime, ndipo njira yake inali yomweyo, kugogoda khomo lililonse mpaka lomaliza.

Ndiye 830,512 = 2 × 2 × 2 × 2 × 51,907. Ma factor ake ndi 5 × 2, khumi okha, pomwe ya Ntcheu, yaing'ono, ili ndi 16. Kuchoka pa 16 palibenso choigawa mpaka 51,907. Kuphatikiza ma factor ake: 31 × 51,908 = 1,609,148, kuchotsa 830,512 kutsala 778,636. Nayonso ndi yoperewera. Nambala yaikulu kwambiri imene imagawa ziwiri zonsezi, ya Dedza ndi ya Ntcheu, ndi 8, chifukwa njerwa zimene zili m'makoma onse awiri ndi ma 2 atatu basi.

Pakati pa ziwirizi pali nambala ina imene ndimaisunga yoti ndizidabwitsira ana, 720,720. Ndi 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13, ndipo 1,001 uja mukumuona m'katimo. Imagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16. Ma factor ake ndi 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2, omwe ndi 240, ndipo mukawaphatikiza kupatula mwiniyo amakwana 2,529,072, kuposa kuwirikiza katatu. Ndi yaing'ono kuposa ya Dedza, koma ili ndi ma factor ochuluka kuwirikiza ka 24, chifukwa njerwa zake ndi zing'onozing'ono ndiponso zamitundumitundu.

Kutopa kumene mnyamata uja anamva pa 51,907 anthu ena anakusandutsa loko. Njira yobisira uthenga yotchedwa RSA, imene Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anaitulukira mu 1977, imadalira mfundo yakuti kuchulukitsa ma prime awiri akuluakulu n'kosavuta, koma kuwapezanso kuchokera pa yankho lake, nambala ikakhala ya madijiti mazanamazana, ngakhale makompyuta amphamvu amalephera. Ndipo ma prime satha, Euclid yemwe uja anatsimikiza zimenezo. Mu Okutobala 2024 Luke Durant, kudzera m'gulu losaka ma prime la GIMPS, anapeza wa madijiti 41,024,320.

Yatsala ya dziko lonse, ndipo ndikusiyirani inu. Tapeza kale kuti 3 ndi 7 akulowa. 17,563,749 kugawa ndi 3 ndi 5,854,583, kugawanso ndi 7 ndi 836,369. Malire ake ndi 914, prime womaliza woti muyese ndi 911, ndipo onse pamodzi alipo 156. Kuyambira 2 mpaka 47 ine ndi mnyamata uja tayesa kale, onse akana. Inu yambirani pa 53.